Chibayo Chochokera ku Mbalame ndi Njira Yatsopano Yochizindikirira

Pa nthenda zonse zimene zimagwira m'chifuwa, palibe yodziwika kwambiri kuposa chibayo. Dzina lake lokha limalongosola ululu wake, pakuti wodwala akamapuma amamva ngati wina akumubaya m'nthiti. Mwa mabakiteriya amene amayambitsa nthendayi, wotchuka kwambiri ndi uja wotchedwa Streptococcus pneumoniae, ndipo kuyambira m'zaka za m'ma 1940, pamene penisilini adayamba kupezeka m'zipatala, anthu miyandamiyanda amene akadatsikira nayo kuli chete akhala akuchira ndi kubwerera kwawo.

Komatu chilipo chibayo china chimene sichimva penisilini ngakhalenso mankhwala ena a mtundu wake monga amoxicillin. Wodwala amagonekedwa m'chipatala nalandira mankhwala m'mawa ndi madzulo, koma thupi limangotenthabe ndipo mpweya umanka nuchepa. Pamenepo dokotala amakhala ali pamphambano. Iye amadziwa kuti ayenera kusintha mankhwala, koma kuti asankhe oyenera afunika kudziwa dzina la mdani amene ali m'mapapomo, ndipo dzinalo silipezeka msanga. Kafukufuku wina wamkulu amene adachitika m'zipatala za ku Chicago ndi Nashville, ku Amereka, kuyambira 2010 kufikira 2012, adaonetsa kukula kwa vutoli. Mwa anthu akuluakulu 2,259 odwala chibayo amene adayezedwa ndi zipangizo zamakono, kachilombo koyambitsa nthendayo kadapezeka mwa odwala 38 okha pa 100 alionse. Mwa otsalawo mdaniyo sadadziwike konse.

Ena mwa adani obisala oterewa amachokera ku ziweto ndi mbalame zimene anthu amakhala nazo pafupi. Mmodzi wa iwo, amene adazunguza akatswiri kwa zaka zambiri, ndi kachilombo kotchedwa Chlamydia psittaci.

MLIRI WA ZINKHWE

M'chaka cha 1879 dokotala wina wa ku Switzerland, Jakob Ritter, adaona anthu 7 akudwala chibayo chachilendo m'tauni ya Uster, ndipo atatu mwa iwo adamwalira. Onsewo adali okhala kapena olowa m'nyumba ina m'mene munkasungidwa mbalame zochokera kumaiko otentha. Ritter adakayikira mbalamezo, koma adalibe njira yoonera chimene zidasenza. Mu 1892 nthenda yomweyo idabuka mumzinda wa Paris, zinkhwe zochokera ku Argentina zitangofika kumeneko, ndipo mu 1895 idapatsidwa dzina lakuti psittacosis, kuchokera ku liwu la Chigiriki lotanthauza chinkhwe.

Anthu a ku Ulaya ndi ku Amereka ankakonda kusunga zinkhwe m'nyumba zawo kaamba ka kukongola kwa nthenga zake ndi luso lake lotsanzira mawu a munthu, kotero kuti malonda a mbalamezi adali aakulu ndithu. Koma akuluakulu adati chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Pakati pa chaka cha 1929 chibayo choopsa chidabuka mumzinda wa Córdoba, ku Argentina, kumene kudali kutafika zinkhwe zambiri kuchokera ku Brazil. M'miyezi yotsatira mbalame za ku South America zidakwezedwa m'sitima zapamadzi kunka ku Ulaya ndi ku Amereka, ndipo ambiri adazigula kuti zikhale mphatso za Khirisimasi. Chaka chatsopano cha 1930 chisadapite patali, nthendayo idamveka ku Germany, ku Britain, ku Amereka ndi kumaiko ena. Padziko lonse anthu pafupifupi 800 adadwala, ndipo oposa 100 adamwalira. Ku Amereka kokha odwala adali 169 ndipo omwalira adali 33. Pa 24 Januwale 1930 Pulezidenti Herbert Hoover adalamula kuti zinkhwe zisalowenso m'dzikolo.

Ntchito yofufuza gwero la mliriwo idaperekedwa kwa Dokotala Charles Armstrong wa ku Hygienic Laboratory, labotale ya boma mumzinda wa Washington. Iye pamodzi ndi womuthandiza wake, Henry Anderson, adasonkhanitsa mbalame zodwala ndi kuzisunga m'zipinda zapansi pa nyumbayo. Pasadapite masabata ambiri Anderson adadwala, ndipo adamwalira mu Febuluwale 1930. Mwezi womwewo William Royal Stokes, katswiri wa za mabakiteriya mumzinda wa Baltimore, amene ankang'amba zinkhwe zakufa pofuna kuona chimene chidazipha, adamwaliranso ndi nthenda yomweyo. Armstrong naye adagwa. Popeza mankhwala kudalibe, anzake adatenga magazi a anthu amene adadwalapo nachira, nam'patsa madzi a m'magaziwo, ndipo iye adapulumuka.

Nthendayo sidalekere pomwepo. Antchito ena a pa labotalepo adayamba kudwala, kuphatikizapo ena amene sadakhudze mbalame ndi pang'ono pomwe. Ataona zimenezi, mkulu wa labotaleyo, George McCoy, adachotsa anthu onse m'nyumbamo mu Malichi 1930, adapha mbalame ndi zinyama zonse zoyeserapo, ndipo adalamula kuti nyumbayo ifukizidwe ndi mpweya wa poizoni. Imfa za anthu amenewa zidautsa aphungu a nyumba ya malamulo ya dzikolo, ndipo mu Meyi 1930 labotale ija idakuzidwa ndi kupatsidwa dzina latsopano lakuti National Institute of Health. M'chaka chomwecho Samuel Bedson ndi anzake ku London, ndiponso akatswiri ena ku Germany ndi ku Amereka, adatha kuona kachilomboko. Kuchepa kwake kudawachititsa kuganiza kuti ndi vairasi, ndipo padatenga mpaka m'zaka za m'ma 1960 kuti zitsimikizike kuti ndi bakiteriya.

KHALIDWE LA MDANIYO

Ngakhale nthendayi idatchulidwa ndi dzina la chinkhwe, kachilomboka kapezeka m'mitundu ya mbalame yoposa 450, ndipo mwa izo muli nkhunda, abakha, atsekwe, nkhukundembo ndi nkhuku. Mbalame yodwala imazizima, nthenga zimanyankhalala, m'maso ndi m'mphuno mumatuluka madzi, ndipo imatsekula m'mimba. Koma zambiri zimasenza kachilomboka zikuoneka zathanzi, ndipo zimakatulutsa kwambiri zikapanikizika, monga pamene zathithikana m'khola laling'ono kapena zayenda ulendo wautali. Ichi ndicho chidachitika m'sitima za mu 1929.

Kachilomboka kamatulukira m'zitosi ndi m'mamina a mbalame. Zitosi zikauma zimasanduka fumbi, ndipo m'fumbimo kamatha kukhala ndi moyo kwa masabata ambiri. Munthu amene akusesa m'khola, kusosola nthenga kapena kutumbula mbalame amapuma fumbilo osadziwa kanthu. Pakapita masiku 5 mpaka 14, thupi limatentha mwadzidzidzi, mutu umawawa koopsa, m'thupi monse mumaphwanya, ndipo pambuyo pake pamadza chifuwa chouma chopanda makhololo ambiri. Ena amangodwala pang'ono ngati chimfine nachira okha. Kwa ena, makamaka okalamba, amayi oyembekezera ndi amene ali ndi nthenda zina, mapapo onse awiri amagwidwa, ndipo nthendayo imatha kufika ku chiwindi, ku mtima ngakhalenso ku ubongo. Mankhwala asadapezeke, odwala 15 mpaka 20 pa 100 alionse ankamwalira.

Chimene chimasiyanitsa bakiteriya ameneyu ndi anzake ambiri n'chakuti sangathe kuswana payekha. Amayenera kulowa m'kati mwa selo la mbalame kapena la munthu, ndipo m'menemo amasintha maonekedwe, nachulukana kwa masiku awiri kapena atatu, mpaka ana ake atatuluka kukalowa m'maselo ena. Penisilini amapha mabakiteriya mwa kuononga khoma limene limawakuta, koma mdani uyu, amene khoma lake ndi la mtundu wina ndiponso amakhala wobisala m'selo, penisilini samugonjetsa. N'chifukwa chake wodwala amalandira mankhwala ozolowereka a chibayo koma osasintha.

Sikuti ndi mbalame zokha zimene zimapatsa anthu chibayo chotere. Mu 1935 Edward Derrick adafufuza nthenda yotentha thupi pakati pa anthu ogwira ntchito yopha ng'ombe ku Brisbane, ku Australia, ndipo popeza gwero lake silidadziwike adangoitcha Q fever. Kachilombo kake, Coxiella burnetii, kamapezeka mwa mbuzi, nkhosa ndi ng'ombe, makamaka m'zotuluka pa nthawi yoswa. Ku Netherlands, kuyambira 2007 kufikira 2010, anthu oposa 4,000 adadwala nthendayi kuchokera kumakola a mbuzi zamkaka, ndipo boma lidapha ziweto zoposa 50,000 pofuna kuthetsa mliriwo. Zizindikiro zake zimafanana kwambiri ndi za psittacosis.

CHIFUKWA CHAKE KUMUPEZA KUDALI KOVUTA

Njira yakale yodziwira bakiteriya ndi yomubzala. Makhololo kapena magazi a wodwala amapakidwa pa kambale kokhala ndi chakudya cha mabakiteriya, ndipo pakapita tsiku limodzi kapena awiri tizilomboto timamera n'kuzindikirika. Chlamydia psittaci samera pa kambale kotere. Amafuna maselo amoyo kapena mazira a nkhuku okhala ndi mwanapiye m'kati, ndipo zimene zidachitika ku Washington zidaphunzitsa dziko kuti kumuweta ndi kusewera ndi moto. Lero ndi malabotale owerengeka okha, omangidwa mwapadera kuti mpweya wa m'kati usatuluke, amene amaloledwa kuchita ntchito imeneyi.

Njira yachiwiri ndi yoyeza magazi kuti aone ngati thupi lapanga asilikali olimbana ndi kachilomboka. Vuto lake n'lakuti magazi amayenera kutengedwa kawiri, kachiwiriko patapita masabata awiri mpaka anayi, kuti zioneke ngati asilikaliwo achuluka. Yankho limabwera wodwala atachira kale kapena ataikidwa kale m'manda. Ndiponso kuyezaku kumasokoneza kachilomboka ndi abale ake, monga Chlamydia pneumoniae ndi Chlamydia trachomatis.

Njira yachitatu, yotchedwa PCR, idatulukiridwa ndi Kary Mullis mu 1983, ndipo ndi yachangu ndi yodalirika. Imafufuza kachidutswa kodziwika ka majini a kachilombo n'kukachulukitsa kufikira kataoneka. Makina a GeneXpert, amene bungwe la World Health Organization lidavomereza mu Disembala 2010 ndipo amayeza chifuwa chachikulu m'zipatala za ku Malawi, Zambia ndi Mozambique, amagwira ntchito mwa njira imeneyi ndipo amapereka yankho m'maola awiri. Komabe PCR ili ngati mphunzitsi amene waima pamaso pa khamu naitana dzina limodzi. Mwini dzinalo akakhalapo amavomera, koma mlendo amene dzina lake silidaitanidwe amangokhala chete. Ngati dokotala sadaganizire za mbalame, sapempha kuti psittacosis iyezedwe, ndipo mdaniyo amapulumuka. Akatswiri a ku Netherlands, atasanthula kafukufuku wa m'maiko ambiri mu 2017, adapeza kuti mwa odwala chibayo chotengedwa kunja kwa chipatala, pafupifupi mmodzi pa 100 alionse amakhala ndi kachilomboka. Chiwerengerochi n'chochepa, koma odwala chibayo padziko lapansi ndi ochuluka zedi, ndipo ambiri mwa amene ali ndi psittacosis sadziwika.

KUWERENGA ZILEMBO ZA MOYO

Chamoyo chilichonse chimasenza malangizo a kapangidwe kake m'chinthu chotchedwa DNA, chimene maonekedwe ake adalongosoledwa mu 1953 ndi James Watson ndi Francis Crick, mothandizidwa ndi zithunzi za Rosalind Franklin ndi Maurice Wilkins. Malangizowa adalembedwa ndi zilembo zinayi zokha, A, C, G ndi T, zondandalikidwa m'mizere yaitali. DNA ya munthu ili ndi zilembo pafupifupi 3 biliyoni, pamene ya Chlamydia psittaci ili ndi zilembo zopitirira pang'ono 1 miliyoni. Mndandanda wa zilembozi umasiyana pakati pa mtundu wina wa chamoyo ndi unzake, kotero kuti amene wawerenga kachigawo kokwanira amatha kutchula mwini wake.

Frederick Sanger wa ku Cambridge adapeza njira yowerengera zilembozi mu 1977. Ntchitoyo idali yapang'onopang'ono ndi yodula. Bakiteriya woyamba kuwerengedwa zilembo zake zonse adali Haemophilus influenzae, amenenso amayambitsa chibayo, ndipo izi zidachitika mu 1995. Kuwerenga DNA ya munthu kudatenga zaka 13, kuyambira 1990 kufikira 2003. Koma kuyambira cha m'ma 2005 kudabwera makina atsopano amene amawerenga tizidutswa mamiliyoni ambiri nthawi imodzi, ndipo mtengo wake udatsika kwambiri. Pamenepo akatswiri adafunsa funso lanzeru: bwanji osangowerenga DNA yonse imene ili m'madzi ochokera m'thupi la wodwala, osayamba aganiza za dzina lililonse? Njira imeneyi amaitcha metagenomic sequencing. Ngati PCR ndi kuitana dzina limodzi, iyi ndi kalembera amene amalemba aliyense wopezeka m'mudzi, mwini mudzi ndi mlendo yemwe.

Ntchitoyi imayamba ndi kutenga madzi a m'mapapo. Kawirikawiri dokotala amalowetsa kapaipi kopyapyala kudzera m'mphuno kapena m'kamwa mpaka kumalo odwalawo, nathiramo madzi amchere pang'ono n'kuwakokanso. Nthawi zina makhololo kapena magazi amakwanira. Ku labotale maselo onse a m'madzimo amaswedwa kuti DNA ituluke, ndipo DNA imeneyo imadulidwa tizidutswa ting'onoting'ono. Makina amawerenga tizidutswato, kalikonse kokhala ndi zilembo makumi angapo kapena mazana ochepa, mpaka titakwana mamiliyoni.

Kenaka ntchito imapita ku kompyuta. Tizidutswa tambiri, kawirikawiri toposa 90 pa 100 tilitonse, timakhala ta wodwala mwini wake, pakuti m'madzimo mumadzaza maselo ake. Kompyuta imayamba yachotsa timeneti, monga m'mene mayi amapetera mphale kuti gaga achoke. Totsalato imatiyerekeza ndi nkhokwe yaikulu m'mene mudasungidwa zilembo za mabakiteriya, mavairasi ndi tizilombo tina zikwizikwi. Zili ngati mphunzitsi amene watola timapepala tong'ambika pabwalo la sukulu: akawerenga mawu ochepa pa kapepala kalikonse amatha kunena kuti aka kachokera m'buku la masamu, aka m'buku la mbiri yakale. Pomaliza pamatuluka mndandanda wa tizilombo tonse topezeka ndi kuchuluka kwa tizidutswa ta kalikonse. Zonsezi zimatenga tsiku limodzi kapena awiri.

Njirayi imayenerana kwambiri ndi psittacosis pa chifukwa china. M'kamwa ndi pakhosi pa munthu wathanzi mumakhala mabakiteriya ambiri osavulaza, motero kupezeka kwawo pamndandanda sikutanthauza kanthu. Koma Chlamydia psittaci sali m'gulu la mabakiteriya okhala mwa munthu masiku onse. Tizidutswa take tikapezeka m'mapapo a munthu wodwala chibayo, ngakhale titakhala tochepa, dokotala amakhala ndi chifukwa chokwanira chosinthira mankhwala.

UMBONI WA M'ZIPATALA

Nkhani imene idatsekula maso a madokotala ambiri idasindikizidwa mu 2014 m'magazini ya zachipatala ya New England Journal of Medicine. Mnyamata wina wa zaka 14 ku Wisconsin, ku Amereka, adadwala nthenda ya mu ubongo kwa miyezi ingapo, ndipo kuyeza konse, ngakhale kudula kachidutswa ka ubongo, sikudaonetse kanthu. Madzi a m'msana mwake adatumizidwa kwa Charles Chiu ndi anzake ku University of California, San Francisco. Mwa tizidutswa toposa 3 miliyoni timene makina adawerenga, 475 tidali ta Leptospira, bakiteriya amene anthu amamutenga m'madzi oipitsidwa ndi mkodzo wa zinyama. Yankho lidapezeka m'masiku awiri, mnyamatayo adalandira penisilini, ndipo adachira. Nthenda yake sidali chibayo, koma idaonetsa kuti makina angathe kutchula dzina limene madokotala adalephera kulipeza.

Dziko limene lagwiritsa ntchito njirayi kwambiri pa chibayo ndi China. Kumapeto kwa 2019 ndi njira yomweyi imene idathandiza kuzindikira vairasi watsopano woyambitsa COVID-19 m'madzi a m'mapapo a odwala ku Wuhan. Zipatala zambiri za m'dzikolo zitazolowera kutumiza madzi a odwala chibayo chosadziwika kuti akawerengedwe, psittacosis, imene kale inkaoneka ngati nthenda ya apo ndi apo, idayamba kupezeka kawirikawiri, makamaka pakati pa oweta nkhuku, abakha ndi nkhunda ndiponso ogula mbalame zamoyo kumsika.

Mu Disembala 2020, m'chigawo cha Shandong, antchito angapo a pa fakitale yokonza nyama ya abakha adagonekedwa m'chipatala ndi chibayo. Idali nthawi imene chifuwa chilichonse chotentha thupi chinkaopsa anthu kaamba ka COVID-19. Kuwerenga majini kudaonetsa kuti mdaniyo adali Chlamydia psittaci. Koma ofufuzawo adapezanso chinthu china chodetsa nkhawa: nthendayo idagwira ena mwa ogwira ntchito m'chipatala amene ankasamala odwalawo, ndiponso achibale, anthu amene sadayandikire abakha. Zotsatira za kafukufukuyo zidasindikizidwa mu 2022 m'magazini ya The Lancet Microbe. Kupatsirana kwa munthu ndi munthu n'kosowa pa nthendayi, ngakhale kudachitikaponso m'chipatala china ku Sweden mu 2013, koma nkhani ya ku Shandong idachenjeza anamwino ndi madokotala kuti azidziteteza posamala wodwala kwambiri.

Kuwerenga majini kumathandizanso kulondola kumene nthenda yachokera. Kachilomboka kali ndi mafuko angapo, ndipo fuko lililonse limakonda mbalame zake: lotchedwa A limapezeka kwambiri m'zinkhwe, B m'nkhunda, C mwa abakha ndi atsekwe, ndipo D m'nkhukundembo. Fuko la kachilombo ka wodwala likadziwika, a zaumoyo amadziwa khola limene ayenera kuyamba kuliyendera. Kufunika kwa zimenezi kudaonekanso mu Malichi 2024, pamene World Health Organization idalengeza kuti odwala psittacosis adachuluka ku Austria, Denmark, Germany, Sweden ndi Netherlands kuyambira mu 2023, ndipo anthu 5 adamwalira. Ambiri mwa odwalawo adali atakhudzana ndi mbalame zoweta kapena zakutchire.

MANKHWALA AKE NDI OZOLOWEREKA

Chodabwitsa n'chakuti nthenda yovuta kuipeza chotereyi ndi yosavuta kuichiza. Mankhwala a gulu la tetracycline, amene oyamba ake adatulukiridwa ndi Benjamin Duggar ndi kulengezedwa mu 1948, amalowa m'kati mwa selo n'kuletsa bakiteriya kupanga zomangira thupi lake. Amene amagwiritsidwa ntchito kwambiri lero ndi doxycycline, mankhwala otsika mtengo opezeka m'zipatala zambiri, ndipo ndi omwewo amene amachiza Q fever. Wodwala akayamba kumwa, kutentha thupi kumatsika pakapita tsiku limodzi kapena awiri. Kwa amayi oyembekezera, ndiponso nthawi zina kwa ana aang'ono, dokotala amasankha mankhwala ena monga azithromycin. Wodwala ayenera kumaliza mankhwala onse monga m'mene dokotala walamulira, chifukwa akalekera panjira nthendayo imabwerera. Polandira chithandizo choyenera pa nthawi yake, omwalira safika mmodzi pa odwala 100 alionse. Kusiyana kwa chiwerengero ichi ndi chija cha 15 mpaka 20 kukuonetsa mtengo wa dzina lodziwika msanga.

Izi sizitanthauza kuti aliyense wotsokomola athamangire kukagula doxycycline. Chibayo chambiri chimayamba ndi tizilombo tina, chifuwa chachikulu chimafuna mankhwala akeake, ndipo kumwa mankhwala mwachisawawa ndiko kumaphunzitsa mabakiteriya kusamva mankhwala. Mbalame nazo zimachizidwa, koma chithandizo chake chimatenga masiku 45 ndipo chimayenera kuyang'aniridwa ndi dokotala wa ziweto.

MALIRE A NJIRAYI

Makina owerenga majini sadathetse mavuto onse. Ndi odula, amafuna magetsi osazimazima, mankhwala osungidwa mozizira ndi anthu ophunzira bwino sayansi ya zamoyo pamodzi ndi ya makompyuta. Amawerenga chilichonse chimene chalowa m'botolo, ngakhale fumbi la mu labotale, motero ntchito ikachitika mosasamala amatha kunamizira bakiteriya wosalakwa. Sasiyanitsa kachilombo kamoyo ndi kakufa. Pamene dokotala wakayikira kale psittacosis, PCR ndiyo yachangu ndi yotsika mtengo. Kuwerenga majini onse kumasungidwira wodwala kwambiri amene njira zina zalephera kutchula nthenda yake.

Komabe zinthu zikusintha. Mu 2014 kampani ya Oxford Nanopore ya ku Britain idatulutsa kamakina kotchedwa MinION, kokwana m'dzanja, kamene kamalumikizidwa ku kompyuta yam'manja. Mu 2015 kadagwiritsidwa ntchito ku Guinea powerenga majini a vairasi wa Ebola pa nthawi ya mliri, ndipo mu 2019 akatswiri a ku Norwich adaonetsa kuti ndi kamakina kotereka bakiteriya woyambitsa nthenda ya m'mapapo angathe kudziwika m'maola 6.

Kufunika kodziwa dzina lenileni la nthenda kudaoneka bwino ku Moshi, kumpoto kwa Tanzania, m'kafukufuku wa mu 2007 ndi 2008. Mwa odwala 870 amene adagonekedwa chifukwa cha kutentha thupi, oposa theka adaganiziridwa kuti ali ndi malungo, koma atayezedwa mosamala, amene adalidi ndi malungo adali 14 okha. Mwa amene magazi awo adayezedwa mokwanira, pafupifupi mmodzi pa anayi alionse adali ndi nthenda ya mabakiteriya ochokera ku zinyama, ndipo Q fever idali imodzi mwa izo. Kumene anthu amagona pafupi ndi mbuzi, nkhuku ndi nkhunda, nthenda zotere zimatha kubisala pansi pa dzina la malungo kwa zaka zambiri.

ZIMENE WOWETA ANGACHITE

Achinyamata ambiri otsiriza sukulu amayamba ulimi wa nkhuku, abakha kapena nkhunda kuti adzithandize, ndipo ndi ntchito yabwino imene nkhani ino siikuletsa. Kudya nyama ya mbalame yophika sikupatsa munthu psittacosis. Ngozi ili m'fumbi. Wosesa m'khola ayambe wawaza madzi kuti zitosi zinyowe, atseke pakamwa ndi pamphuno ndi nsalu yothina bwino, ndipo akamaliza asambe m'manja ndi sopo. Khola likhale lopita mphepo ndiponso losathithikana. Mbalame zogulidwa kumene zisungidwe pazokha kwa mwezi umodzi zisadasakanizidwe ndi zinzake. Mbalame yodwala ipatulidwe, yakufa isagwiridwe ndi manja okhaokha, ndipo zikayamba kufa motsatizana mlangizi wa ziweto adziwitsidwe msanga. Aphunzitsi amene amayang'anira makola a pasukulu ali ndi mwayi wophunzitsa ana zimenezi pa nthawi yeniyeni ya ntchito, tsache lili m'manja.

Chida china chimene sichilira ndalama ndi kufunsa. Safunsa adadya phula, ndipo mwambiwu umakhudza dokotala ndi wodwala yemwe. Dokotala kapena namwino akaona chibayo chimene sichikumva mankhwala ozolowereka, afunse ntchito imene wodwalayo amagwira, ziweto zimene amasunga, ndiponso ngati mbalame ina yadwala kapena kufa pakhomo pake m'masabata awiri apitawo. Wodwala naye, kapena womudikirira, asadikire kufunsidwa. Munthu amene wauza dokotala kuti masiku khumi apitawo adasesa m'khola la nkhunda, kapena kuti adathandiza mbuzi imene idataya bere, wapereka chizindikiro chimene chingathe kutsogolera ku mankhwala oyenera tsiku lomwelo, ngakhale m'chipatala chimene makina owerenga majini sadafikeko.